Magazi a Gwayi

Alamu anga a MaNkiwane sayendetsa galimoto. Anayesapo kalekale, n'kugumula chipata cha tchalitchi, ndipo kuyambira pomwepo amati chiwongolero n'cha anthu osowa zochita. Mng'ono wawo Velile, mkazi wanga, ndiye ankawayendetsa. Velile atamwalira, ntchitoyo inagwera ine pamodzi ndi kapikapu kake, popanda wondifunsa. Ndinali nditapuma kale pa uphunzitsi, choncho ndinalibe pothawira.

A MaNkiwane amaweta agalu amzere pa puloti yawo ku Douglasdale, kunja pang'ono kwa Bulawayo. Ndi agalu ofiirira aja, amiyendo itali, amene ubweya wa pamsana pawo umamera mobwerera kumutu n'kupanga mzere kuchokera m'mapewa mpaka m'chiuno, ndipo pamwamba pa mzerewo pamakhala tinkhata tiwiri ta ubweya. Anayamba ndi galu mmodzi wamkazi amene mlimi wina anamusiya posamuka. Kuyambira pamenepo akhala akusankha, kukweretsa, kusankhanso, kwa zaka zoposa makumi awiri. Agalu awo onse amawatcha mayina a mitsinje. Kumapeto kwa ntchito yonseyo kunatuluka Gwayi.

Ine za agalu ndimadziwa zochepa, koma Gwayi sankafuna katswiri kuti amuone. Akaima pachipata, mutu uli m'mwamba, mzere wake wowongoka ngati aujambula ndi lula, anthu odutsa pamsewu ankachepetsa liwiro. Sankauwa chisawawa. Pofika zaka zisanu anali atapambana kangapo pa chionetsero cha agalu, ndipo ana ake anali kale m'makomo ambiri, kuyambira ku Hillside mpaka ku Gwanda. Chaka chimenecho mbiri yake inadutsa malire. A Sebina a ku Francistown, woweta wodziwika m'Botswana monse, anapempha kuti adzabweretse galu wawo wamkazi, Lesedi, kuti Gwayi adzamukwere. Mwambo wa oweta ndi wakuti mwini galu wamphongo ndiye amayamba kusankha mwana pa ana obadwawo. Alamu anga anali atadikira zimenezi kwa nthawi yaitali: magazi atsopano m'khola lawo, ndi dzina lawo kutsidya. Pakamwa sankanena, koma anapentetsa chipata.

Mu June, kuzizira kutafika pachimake, mlimi wina wa ng'ombe wa ku Figtree anaimba foni kudandaula za galu amene anagula kwa iwo. Galuyo anali Shashe, wobadwa tsiku limodzi ndi Gwayi, mayi mmodzi, bambo mmodzi. Tinapita.

Tinamupeza atagona m'phulusa, pamene antchito anawotha moto m'mawa. Sanadzuke kuti atilonjere. Anali atanenepa moipa, ubweya utathothoka m'nthiti, mchira uli wosalala ngati wa khoswe. Nkhope yake inali yofufuma ngati ya munthu amene wachezera kulira.

"Bambo inu, galu wanga mwamutani?" anatero alamu anga asanapereke ndi moni womwe. "Mukumudyetsa ngati nkhumba ya Khirisimasi? Ndinakuuzani ine, zotsala patebulo ayi, mafuta ayi."

"Mayi, mungondipha basi," anatero mlimiyo atavula chipewa. "Ameneyu amadya theka la zimene anzake amadya. Funsani aliyense pano. Mankhwala a njoka zam'mimba tamumwetsa, a mphere tamusambitsa. Iye angofuna moto. Tsiku lina adzapsa."

"Ndiye kuti simumuyendetsa."

"Ndizimubereka kumbuyo?"

Oweta agalu onse amatero. Galu akachoka m'manja mwawo ali bwino n'kukaipa kwina, wolakwa amakhala wogula. Wamudyetsa kwambiri, wamumana, wamumangirira, sanamvere malangizo. Velile nayenso ankatero, ndipo nthawi zambiri zinkakhaladi zoona. Koma tsikulo alamu anga anasiya mkangano pakati, n'kugwada m'phulusa momwemo ndi siketi yawo ya kutchalitchi. Anatsina chikopa cha Shashe pakhosi, anachikoka, anachisiya. Anaika dzanja pamimba pake. Anakhala choncho nthawi yaitali, mlimi uja akupotokola chipewa chake. Kenako anati galuyo timutenge, akamuone dokotala.

"Agogo awo a agalu amenewa, Tuli uja, anatha chimodzimodzi," anatero titadutsa njanji pobwerera. "Ine ndinkati ndi ukalamba."

"Anali ndi zaka zingati?"

"Zisanu. Yang'anani msewu, aphunzitsi, musatigwetsere m'ngalande."

Dokotala wa ziweto amene alamu anga amapitako ndi a Mathe, mayi wachichepere amene ndinamuphunzitsapo sayansi kusekondale. Anamuyeza Shashe magazi, ndipo patapita masiku anatiitana.

"Ndi chithokomiro," anatero, akuloza pakhosi pawo. "Kanthu kameneka ndi kamene kamasonkhezera moto wa m'thupi. Ka Shashe katheratu. Si chakudya, si ulesi. Asilikali a m'thupi mwake momwe ndi amene akhala akukadya pang'onopang'ono. Akamamwa kapiritsi m'mawa ndi madzulo adzakhala bwino, ubweya udzamera."

"Zimachokera kuti?" anafunsa alamu anga.

"Zimayenda m'magazi a mtundu, mayi. Vuto lake n'lakuti zimachedwa kuonekera. Inu oweta mumakweretsa galu akakwana zaka ziwiri, ali pachimake, akuwala. Matendawa amadikira mpaka zaka zinayi, zisanu. Pofika pamenepo galu ali ndi zidzukulu."

"Ndiye munthu angadziwe bwanji galu akuoneka wabwinobwino?"

A Mathe anati njira ilipo. Pali kuyeza kwina kumene kumapeza asilikali oukirawo galu asanaonetse kanthu kalikonse. Kuno sikuchitika. Magazi amayenera kupita ku labotale ya ku Joni m'kabokosi ka ayezi, ndipo amatumiza ndi omalayitsha, anyamata aja onyamula katundu wa anthu pakati pa Bulawayo ndi Joni. Anati n'kwabwino kusonkhanitsa agalu angapo kuti kabokosi kapite kamodzi.

"Kodi a Sebina afunsa zimenezi?" ndinafunsa ine. Ndinkadziwa kuti anafunsa za chiuno ndi za chikopa cha pamsana, ndipo zonsezo Gwayi anali atapambana. Ndinangofuna kuti alamu anga amve okha chimene akuputa.

"Sanafunse," anatero alamu anga. "Ndafunsa ndine. Gwayi abwera Lolemba."

Pa msonkhano wa kalabu ya oweta, alamu anga anaimirira n'kupempha kuti ena abweretsenso agalu awo amphongo. Anthu anayang'ana nsapato zawo. Palibe woweta amene amafuna kufunafuna matenda mwa galu amene akupambana. Ataona kuti kuli zii, alamu anga anawonjezera kuti amene akuopa singano akhale, makamaka a ku Umguza.

A ku Umguza anali a Mguni, mwini butchala, munthu wamkulu thupi ndi mawu omwe. Zaka zapitazo, pa chionetsero, a Mguni ananena mokweza pamaso pa woweruza kuti tinkhata ta mayi wake wa Gwayi n'tokhota ngati nyanga za mbuzi yomenya. Kuyambira tsikulo awiriwa ankapatsana moni wa minga yokhayokha. Lolemba lija, mwa oweta onse a m'kalabu, amene tinamupeza pakhomo pa dokotala anali a Mguni okha, atagwira galu wawo Bhejane.

"Mayi a mitsinje, mwadzuka?"

"Tadzuka, kaya inu a masoseji. Mwabweretsa galu kapena ng'ombe?"

"Galu wodya, mayi, osati wanuyo wongokhalira kujambulitsa. Ine ndabwera kuti musowe chonena. Zotsatira zikabwera ndidzaziika pa gulu la pafoni, aliyense aone."

"Mudzaike ndithu. Mupezeretu wokuwerengerani."

"Aphunzitsi alipo awa. A Mlotshwa, kodi mayiwa amakulipirani, kapena mukugwira ya chikamwini?"

Ndinati ndikugwira ya boma, yopanda tchuthi. A Mguni anaseka mpaka agalu a m'zikhola anayamba kuuwa.

Gwayi anapereka mwendo wake yekha, n'kuyang'ana kumbali mpaka singano inatuluka. Bhejane tinachita kumugwira tonse, ine ndi mwendo wakumbuyo. Anali galu wolemera, wamutu waukulu, wosakongola kwenikweni, koma wolimba, ndipo mzere wake unalibe chilema. Ndinaona alamu anga akumuyang'ana msana mobisa pamene a Mguni ankalimbana ndi mutu.

Zotsatira za Bhejane ndizo zinayamba kufika. Magazi ake anali oyera, ndipo a Mguni anasunga lonjezo lawo. Anaika uthenga pa gulu la kalabu pamodzi ndi chithunzi chawo atakumbatira galu, pansi pake atalemba kuti ng'ombe za ku Umguza zikupereka moni ku mitsinje. Za Gwayi a Mathe anangoti a ku labotale akubwereza kuyeza.

"Akabwereza ndiye kuti chiyani?" anafunsa alamu anga pafoni.

"Ndiye kuti tidikire, mayi."

Lesedi ndiye sanadikire. Nthawi yake yofuna wamphongo inafika msanga kuposa mmene a Sebina ankaganizira, ndipo anaimba foni kuti abwera Loweruka. Alamu anga anawauza zoona, kuti pali magazi amene akudikira. A Sebina anaseka. Anati zimenezo n'za anthu a kunja okonda kuopa mthunzi wawo womwe, mapepala odutsira galu pamalire atenga kale, akubwera. Alamu anga sanawaletse. Ndinali pomwepo, ndinamva. Anangoti muyende bwino.

Loweruka ndinafika m'mawa ndi mabanzi. Pokweretsa agalu a mtundu pamayenera kukhala mboni, ndipo mboniyo ndinali ine. A Sebina anaimba ali ku Plumtree kunena kuti awoloka malire. Pasanapite nthawi, pachipata panaima galimoto ya a Mathe. Dokotala akabwera yekha Loweruka m'malo moimba foni, munthu sufunikanso kuuzidwa zambiri.

"Asilikali aja alimo, mayi," anatero asanakhale pansi. "Ayeza kawiri. Chithokomiro chake chikugwirabe ntchito bwino, n'chifukwa chake mukumuona chonchi. Koma nkhondo yayamba."

"Palibe kukayika?"

"Kulipo pang'ono, sindikunamizani. Nthawi zina katemera amasokoneza zotsatira, koma Gwayi anabayidwa kalekale. Timayenera kuyezanso pakapita miyezi ingapo. Alipo agalu ena amene zimazimiririka zokha. Koma mukaika pamodzi ndi Shashe, ndi agogo awo aja, ine mutandifunsa ndinganene kuti musamukweretse."

"Lesedi sadikira miyezi."

"Sadikira, mayi."

Nthawi yonseyi Gwayi anali pabwalo akuthamangitsa nkhanga za aneba zimene zinalowa pampanda. Sankafuna kuzigwira. Ankangozizungulira, n'kuima, n'kuziyambanso, dzuwa la m'mawa likumuwalira pamsana. Alamu anga anamuyang'ana mpaka nkhanga yomaliza inauluka. Kenako anamuitana, anamuvala lamba, n'kukamutsekera m'khola la kuseri kwa galaja. A Mathe anatsanzika. Ine ndinapita kukatereka tiyi.

A Sebina anafika chakumasana, galimoto ili fumbi lokhalokha. Anali bambo wamtali, waulemu, wa imvi zometedwa bwino. Lesedi anali kumbuyo m'chikhola chachitsulo. Alamu anga anawalandira, anawapatsa madzi osamba m'manja ndi tiyi, ndipo asanalume banzi anawauza zonse mmene dokotala ananenera, osachotsa kukayika kuja, osawonjezera.

A Sebina anaika kapu pansi. "Ndimuone kaye galuyo."

Alamu anga anakamutulutsa. A Sebina anamuzungulira pang'onopang'ono. Anamutsegula kukamwa, anamugwira mapewa, anayendetsa chikhato pamzere kuchokera m'chiuno mpaka pa tinkhata. Anapempha kuti amuthamangitse pang'ono, ndipo alamu anga, ndi zaka zawo zonsezo, anathamanga naye mpaka pachipata n'kubwerera.

"Mayi, galu ameneyu akudwala pati?"

"Pakhosi. Koma iye mwini sanadziwe."

"Ine ndayenda. Ndaona agalu ku Gaborone, ku Polokwane, mpaka ku Windhoek. Wamphongo ngati uyu sindinamuonepo." Anapukuta manja ndi mpango. "Timvane bwino. Dokotala wanu yemwe akuti sizinatsimikizike. Lesedi ndi wa magazi ena, mwina ana sangatenge n'komwe. Ndipo ngakhale atatenga, si kapiritsi chabe? Amalume anga amamwa komweko, koma akulima mpaka lero."

"Amalume anu ali ndi pakamwa, akamva kuzizira amanena. Shashe wagona m'phulusa nyengo ziwiri zozizira, mwini wake akumutcha waulesi. Ine n'kufika, n'kuyamba kutukwana mwini wakeyo."

"Ogula tidzawauza."

"Mudzawauza inu, lero. Iwo akadzagulitsa ana a anawo adzauza ndani? Agalu anu amapita kumiraga ya ng'ombe, kutali uko kumene dokotala amafika kamodzi pachaka. Mudzawatsatira ndi mapiritsi?"

"Mayi, galu wamkazi ndi wanga, ndipo ine ndavomera. Tigwirane chanza, a Mlotshwa awa akhale mboni kuti munandiuza zonse. Palibe adzakunenani. Mwana woyamba ndi wanu monga mwa mwambo. Mufuna awiri? Tengani awiri."

Pamenepo mphepo inatembenuka, ndipo Gwayi anamva fungo la Lesedi. Anaimika makutu, anayamba kulira chapansipansi, akukoka lamba mpaka alamu anga anachita kuponda mwamphamvu. Lesedi anayankha ali m'galimoto. Ndinayang'ana alamu anga. Ndawadziwa kuyambira tsiku limene ndinapita kukafunsira mng'ono wawo, ndipo sindinawaonepo akufuna chinthu ngati mmene ankafunira ana amenewo. Anakulunga lamba kudzanja kawiri, n'kubwerera naye Gwayi kuseri kwa galaja. Tinamva chitseko cha khola chikutsekedwa.

Atabwerera, a Sebina anali ataimirira, ulemu uja utayamba kutha.

"Ndiye ulendo wonsewu ndabwerera tiyi? Nthawi ya Lesedi ndi lero ndi mawa. Ikapita ndidikira mpaka chaka chamawa, ndipo galuyo akukula. Bwanji simunandiletse pafoni?"

"Ndikanakuletsani. Pamenepo ndinalakwa, ndinkayembekeza kuti zibwera bwino." Anatembenukira kwa ine. "Alamu, lizani galimoto."

"Tikupita kuti?"

"Ku Umguza."

Ndinawayang'ana.

"Mwagontha liti, aphunzitsi? Ndati ku Umguza. A Sebina, titsatireni. Kuli galu wina. Mutu wake ndi wa ng'ombe, mwini wake ndi wapakamwa, koma chiuno chili bwino, mzere uli bwino, ndipo magazi ake ndi oyera. Akumubaya singano ndinalipo. Mukapanda kumukonda, mubwerere kwanu mukunditukwana, ndivomera."

Tinadutsa m'tauni a Sebina ali pambuyo pathu. Panjira alamu anga anangondiuza kuti ndikuyenda ngati ndanyamula mazira.

A Mguni tinawapeza kuseri kwa nyumba atavala epuloni, akupachika nyama yoti iume. Atationa anaika manja m'chiuno.

"Kodi kwagwanji? Mayi a mitsinje pakhomo panga? Chaka chino mvula igwa mu July."

"Gwayi ali nawo matenda aja," anatero alamu anga, mokweza ndithu, antchito a a Mguni akumva. "Dokotala wandiuza m'mawa uno. Awa ndi a Sebina a ku Francistown, mukuwadziwa. Galu wawo ali pa nthawi yake. Tulutsani ng'ombe yanu ija aione."

A Mguni anatsegula pakamwa. Ndinaona nthabwala ikubwera, inafika mpaka pamilomo, n'kubwerera. Anapukuta manja pa epuloni nthawi yaitali kuposa mmene manjawo ankafunikira.

"Mwatsimikiza?"

"Adzayezanso mu October. Koma sindimukweretsa."

"Ndiye mwabwera nawo kwa ine."

"Ndikanapita nawo kuti? Kusingano kuja munabwera ndinu nokha. Musadzimve, bambo inu, si kuti galu wanu wakongola usiku."

A Mguni anakuwira wantchito kuti abweretse mipando, koma alamu anga anati sakhala. Bhejane atatulutsidwa, alamuwo ndi amene anamuimika pamaso pa a Sebina, akumukonza miyendo ngati galu wawo. Anaonetsa chiuno, anaonetsa tinkhata, kenako anagwira mutu.

"Choipa chake ndi ichi, musabisidwe. Mutu ndi wolemera, milomo ndi yolendewera. Koma Lesedi wanu ndamuona, nkhope yake ndi yopyapyala, zikhoza kukumana pakati. Posunga ana musankhe a mutu wa mayi."

"Mayi, mukugulitsa galu wanga kapena mukumunyoza?" anatero a Mguni.

"Zonse ziwiri. Khalani chete, akuluakulu akulankhula."

A Sebina anamuyang'ana Bhejane nthawi yaitali. Sanasangalale, ndipo sanayese kubisa. Anapempha kuona zotsatira za magazi, a Mguni anawaonetsa pafoni. Anafunsa zaka za galuyo, anafunsa za mayi wake ndi bambo wake, ngati alipo ndi mmene akuonekera. A Mguni anati mayi wake alipo, wakalamba, n'kumuitana. Anatuluka pansi pa ngolo galu wa imvi kukamwa, wowonda bwino, ubweya wonse uli pamalo pake. A Sebina anagwedeza mutu, n'kupita kukatsegula chikhola cha Lesedi.

"Za mwana woyamba bwanji?" anafunsa ali chotembenuka.

"Mwambo ndi mwambo," anatero a Mguni. "Woyamba ndi wanga."

Sanayang'ane kwa alamu anga ponena zimenezo, ndipo alamu anga sanapemphe kanthu. Anatsanzika a Sebina ndi manja awiri, anauza a Mguni kuti nyama yawo yachepa mchere ngakhale sanailawe, n'kukakwera galimoto. Zokweretsazo sitinazione.

"Kunyumba?" ndinafunsa titatuluka pachipata.

"Ana a Gwayi ali m'makomo ambiri. Apafupi ndi kuno ndi a ku Sauerstown, kwa mayi aja osoka madiresi. Tiyambire kumeneko."

"Mukhoza kungolemba pa gulu, kapena kuwaimbira."

"Galu ndinawapatsa pamanja. Izinso ndiwapatsa pamanja. Khoterani kumanzere."

Tinayenda choncho milungu yotsala ya nyengo yozizira, khomo ndi khomo. Paliponse ankanena zofanana: bambo wake wa galu wanuyu wapezeka ndi chakuti, musamukweretse asanayezedwe, mukaona akunenepa, akuthothoka ubweya kapena akukonda moto, musamutche waulesi, pitani naye kwa dokotala. Ena anathokoza. Ena anafunsa ngati matendawo angapatsire ana awo, ndipo ankawafotokozera modekha kuti sapatsirana. Bambo wina wa ku Gwanda anawakalipira pamaso pa banja lake lonse, kuti anamugulitsa galu wowola, abweza. Alamu anga anati bweretsani, ndimulandira lero lomwe. Ana a bamboyo anayamba kulira atagwira galu m'khosi, ndipo nkhani yobweza inathera pomwepo. Ku Figtree, kumene Shashe anali atabwerera ndi mapiritsi ake, anapitanso, ati kukaona ubweya wake, koma ndinawamva akupepesa mlimi uja kuseri kwa khola la ng'ombe. Ine ndinkadikira m'galimoto ndi nyuzipepala.

M'kalabu ena anati mayiwa adziwotchera okha nyumba. Anthu amene analembetsa ana a chaka chimenecho anapita kwina, ambiri a iwo ku Umguza. Lesedi anabereka bwino, ndipo a Mguni anaika zithunzi pa gulu tsiku ndi tsiku mpaka anthu anadandaula.

Mu October a Mathe anatenganso magazi. Ulendo uno m'kabokosi munali magazi a agalu ambiri ndithu, ena a anthu omwe aja anayang'ana nsapato. Zotsatira za Gwayi zinabwera monga poyamba. Mwa ana ake awiri aakazi amene alamu anga anasunga, mmodzi anapezeka nawo. Winayo, Insiza, magazi ake anali oyera, koma akadali wamng'ono, ndipo alamu anga anati sadzamukweretsa mpaka atakwana zaka zinayi, akuyezedwa chaka ndi chaka. Ntchito yawo yonse ya zaka makumi awiri tsopano ili pa galu mmodzi ameneyo, ndipo palibe angalonjeze kuti magazi ake adzakhalabe oyera. Ndinawakumbutsa kuti pofika nthawi imeneyo iwo adzakhala atadutsa zaka makumi asanu ndi awiri. Anati ndiwerengere zanga.

Gwayi anathenedwa Lachinayi lina kukutentha kwambiri, mitengo ya jakaranda itachita maluwa m'misewu yonse. Alamu anga anamugwira mutu mpaka mankhwala ogonetsa anamutenga, kenako anatuluka n'kukakhala pabenchi panja, chikwama chili pamiyendo. Madzulo a Mathe anatithandiza kumunyamula, akadali woledzera ndi mankhwala, n'kumugoneka pa bulangeti kumbuyo kwa kapikapu. Nditatsegula chitseko chakutsogolo kuti alamu anga akwere, ndinapeza akukwera kumbuyo, mwendo umodzi uli kale pa tayala.

"Alamu, kumeneko kuli mphepo ndi fumbi."

"Akadzuka panjira adzafuna kudumpha. Ndikankheni, musangoima ngati mtengo."

Ndinawakankha. Anakhala pansi, anaika mutu wa Gwayi pamiyendo pawo, n'kumanga mpango wawo bwinobwino. Kuchokera kwa dokotala kukafika ku Douglasdale msewu uli ndi maenje ambiri, ndipo ndinayenda pang'onopang'ono, ndikuzemba lililonse. Magalimoto a pambuyo pathu analiza mahutala njira yonse. Kuchokera kumbuyo sikunamveke dandaulo lililonse la liwiro.